Kabotolo ka Matepi Awiri

Akulu anga a Ezeliya sukulu anailekezera sitandade 6, koma mwa ife tonse obadwa m'mimba mwa mayi athu kuno kuseri kwa Nsaru, ndi iwo okha amene anagwirako ntchito pa yunivesite. Ine mng'ono wawo Tabita, mphunzitsi wa pulayimale kwa zaka makumi awiri ndi mphambu tsopano, ndinapondako kamodzi kokha pamalopo, ndipo mseru umene ndinatuluka nawo sunandichokebe. Lero mukawafuna a Ezeliya muwapeza m'zigafa za anthu akusankha fodya waganyu. Za yunivesite sakamba, n'chifukwa chake ndikukamba ndine.

Anabadwa mu 1972, woyamba mwa ana asanu ndi mmodzi. Bambo athu anali mlimi wa fodya komanso mkulu wa mpingo, ndipo pa zinthu ziwirizi sankadziwa kuseka. A Ezeliya anawachotsa sukulu osati chifukwa cha umbuli, koma chifukwa cha manja awo. Mtsikana uja ankati akagwira tsamba la fodya, asanaliyang'ane n'komwe, wadziwa kale mulu wake. Ndindi zawo zinkakhala zofanana mitu ngati zayezedwa ndi rula. Zaka zonse zimene iwo ankasankha fodya pakhomo pathu, belo ya bambo sinabwezedwepo ku okushoni.

Anakwatiwa ali ndi zaka khumi ndi zisanu ndi zinayi, ndipo mwamuna wawo anamwalira chaka cha njala ya 2002, kuwasiyira ana atatu ndi munda wamchenga. Atavutika zaka zingapo anapita ku tauni kukagwira ntchito yam'nyumba kwa mayi wina amene ankagwira ntchito pa yunivesite ina ya mu Lilongwe. Mayiyo ndi amene anaona kuti a Ezeliya akatsuka tambula amaikweza padzuwa, n'kuibwereza ngati aona kadontho. Mu 2009 anawapezera malo otsuka mabotolo mu labu ya pa yunivesitepo, mmene madokotala ankafufuza za matenda a khansa.

Labu imeneyi inali yogawana. Makina ake ndi odula kwambiri moti gulu limodzi la ofufuza silingakhale ndi akeake, choncho anawaika m'nyumba imodzi kuti onse azigwiritsa ntchito mosinthana. Munali mafiriji aataliatali, makina odulira nyama ya munthu mopyapyala kuposa khungu la anyezi, ndi makina oonera tinthu tosaoneka ndi maso. A Ezeliya atandifotokozera koyamba ndinati nzeru ndi imeneyi, n'chimodzimodzi mjigo wa m'mudzi mwathu, aliyense amadikira nthawi yake n'kutunga. Sindinadziwe kuti amayi a pamjigo ali ndi ulemu kuposa anthu ena a madigiri atatu.

Magulu aakulu m'labumo anali awiri, ndipo lililonse linali ndi dokotala wake. Lina linkamata tepi yofiira pa mabotolo ake, lina yobiriwira. Ofiira ankagwiritsa ntchito makina Lolemba ndi Lachiwiri, obiriwira Lachitatu ndi Lachinayi. Madokotala awiriwa anaphunzira limodzi, koma anali atadana kalekale pa nkhani yoberana odwala, chifukwa gulu lililonse linkafuna kuti chiwerengero cha amayi a m'kafukufuku wake chikule. Tsono mkulu wa labu, bambo Aaron, anaika lamulo loti munthu asakhudze botolo la tepi ya mnzake. M'nyumba yonseyo munthu mmodzi yekha ndiye ankaloledwa kugwira mabotolo a mitundu yonse iwiri, ndipo anali wotsuka ndi kupukuta mashelefu uja.

Ntchitoyo ankainyadira, abale. Ankachita lendi kachipinda kwa Mtsiliza, n'kumabwera kumudzi mwezi ukatha. Akafika ankatiuza kuti botolo losatsuka bwino likhoza kunamiza dokotala, dokotala n'kunamiza wodwala. Ife tinkawaseka kuti a pulofesa afika, iwo osakwiya.

Mu Seputembala 2016 tinamva kuti gulu la tepi yofiira libwera kuchipatala chathu chaching'ono kudzayeza amayi khansa ya khomo la chiberekero. Amayi anachita mantha. Ena ankati akachotsa ziberekero, ena ankati magazi akagulitsidwa kunja. Lamulungu lake, mapemphero atatha, a Ezeliya anapempha amayi a Chigwirizano kuti atsalire, n'kuimirira kutsogolo atavala yunifolomu yawo yoyera.

“Amayi, anthu amenewa ndimawadziwa ine,” anatero. “Mabotolo awo ndimatsuka ndine ndi manja awa. Palibe chogulitsa. Akaona chokayikitsa adula kanyama kakang'ono, akakayeza, n'kukubweretserani yankho. Mukanamizidwa mudzandifunse ine.”

Amayi oposa makumi anayi anapita chifukwa cha mawu amenewa. Mmodzi wa iwo anali a Victoria, mnzawo wa a Ezeliya kuyambira ali ana m'kalasi ya ubatizo, amene tonse tinkawatchula kuti amake Benson. Amuna awo, a Yonasi, ndi kalipentala pa msika wa Nsaru. A Victoria anali atatha miyezi akutaya magazi mwakachetechete, osauza munthu. Namwino atawayeza anaona chotupa, n'kudulako kanyama kochepa ngati njere ya chimanga, n'kukaika m'kabotolo ka mankhwala oletsa kuwola. Anawapatsa kapepala ka nambala, n'kuwauza kuti adikire masabata asanu ndi limodzi. Yankho limenelo ndi limene likanati linene ngati akufunika opaleshoni kuchipatala chachikulu, ndipo popanda ilo panalibe dokotala akanawagwira.

Lolemba lake a Ezeliya akupukuta shelefu anakapeza kabotolo kaja. Nambala anaizindikira chifukwa a Victoria anali atawaonetsa kapepala kawo. Kanali kumbuyo kwenikweni, ndipo kutsogolo kwake kunali mabotolo ena ofiira ambirimbiri amene anali akudikira kuyambira mwezi wathawo. Shelefu ya obiriwira inali pafupifupi yopanda kanthu.

Apa ndi pamene akulu anga anaganiza ngati munthu wa kwathu. Kumpingo kwathu munthu akakhala wa Chigwirizano komanso wa kwaya, akadwala amazondedwa kawiri. Achigwirizano amabwera ndi ufa, akwaya amabwera ndi nkhuni, ndipo sizinamvekepo kuti magulu awiriwa akangana pakhomo pa wodwala. A Ezeliya anati kabotoloka kakakhala ndi matepi awiri, gulu limene liyambe kufika pa makina likatenga. Anadula tepi yobiriwira n'kuimata pansi pa yofiira, mowongoka bwino monga amamangira ndindi, n'kukakokera kutsogolo kwa shelefu. Tsiku limenelo anaweruka mtima uli mbee.

Lachitatu dokotala wa tepi yobiriwira anakaona. Sanakatengere ku makina. Anakanyamula m'mwamba n'kupita nako ku ofesi ya bambo Aaron akukuwa kuti ofiira amata tepi yawo pa botolo lake. Dokotala wa tepi yofiira atamva anabwera akuthamanga, nayenso akukuwa kuti uwu ndi umboni wa zimene wakhala akunena zaka zonsezi, kuti obiriwira amaba odwala. Bambo Aaron, pofuna mtendere, anatenga kabotolo kaja n'kukatsekera m'kabati yachitsulo, nati kakhala momwemo mpaka komiti yoyang'anira labu itakhala pansi.

A Ezeliya sanabisale. Mmawa mwake anagogoda pa ofesi madokotala onse awiri ali momwemo, n'kugwada pakhomo monga tinaleredwera.

“Pepani mabwana, tepi yobiriwira ija ndinamata ndine. Mwini wake wa kanyamako ndi mnzanga wa kumudzi. Ndimafuna kayezedwe msanga.”

“Wakutumani ndani?” anafunsa wa tepi yofiira, maso ali pa mnzake uja.

“Palibe, bwana.”

“Mwamva?” anatero wa tepi yobiriwira. “Mwawaphunzitsa bwino zonena. Mayi wotsuka mabotolo angaganize yekha zimenezi?”

“Mundichotse ntchito ngati ndalakwa,” anatero a Ezeliya, “koma kabotoloko mukatsegule. Munthu akutaya magazi.”

Bambo Aaron anawauza kuti adzuke, akapitirize ntchito, nkhaniyi ndi yaikulu kuposa iwo. Taonani nyansi yake. Munthu waulula yekha mlandu, wapereka ndi khosi lomwe, koma anthu aja anakana kumukhulupirira chifukwa choonadi chake chinali chaching'ono. Iwo ankafuna mlandu woti ugwetse mnzawo. Ngakhale kuwachotsa ntchito sanawachotse, poti aliyense ankawasunga ngati mboni yake.

Komiti ija inali yoti ikhale mu Okutobala, koma wapampando anali ku msonkhano ku Mponela. Mu Novembala anthu sanakwane. Mu Disembala inakhaladi, ndipo a Ezeliya ndi amene anawapititsira tiyi. Anamva ndi makutu awo akuluakulu aja akutha maola awiri pa nkhani ya amene anasunga nsomba zake mu firiji ya labu, kenako pa nkhani ya malo oimika galimoto pansi pa mtengo. Ya kabotolo anaisiyira msonkhano wotsatira. A Ezeliya akapempha bambo Aaron kuti angokatulutsa tsiku limodzi, kayezedwe, mlandu uzipitirira pambuyo, ankayankha kuti kiyi ali ndi wapampando. Atalimba mtima n'kufunsa wapampando pakhonde, anawayankha kuti kiyi ali ndi bambo Aaron.

Kuno kumudzi masabata asanu ndi limodzi aja anasanduka miyezi. A Yonasi ankawakweza akazi awo pa njinga kupita kuchipatala chathu, kumene ankawauza kuti zotsatira sizinabwere. Anagulitsa mbuzi n'kupita nawo kuchipatala chachikulu ku tauni, ndipo kumeneko ataona kapepala ka nambala anati kanyama kanadulidwa kale, palibe chifukwa chodulanso, abwere ndi yankho. Anawapatsa mapiritsi opha ululu. Pofika Khirisimasi a Victoria anali atasiya kubwera kutchalitchi. Sikuti miyendo inali itakana, koma fungo. Mayi waukhondo uja, amene ankatiyalira maluwa pa gome la Mgonero, ankachita manyazi kukhala pa benchi limodzi ndi anzake.

A Ezeliya anasiya kudikira kutha kwa mwezi. Loweruka lililonse ankakwera minibasi, n'kufikira kwa a Victoria asanapite n'kwawo komwe. Ankawachapira nsalu zonse zimene ena ankazigwira ndi kamtengo. Amayi ena a Chigwirizano anayamba kuwalankhulira m'mbali, kuti si uja ankati tidzamufunse iye? A Ezeliya ankangoweramitsa mutu pa beseni.

Za tepi anandiuza ine poyamba, mu Januwale. Ndinawakalipira, sindibisa. Ndinati akulu, zaka zisanu ndi ziwiri mwakhala ndi anthu amenewa osawadziwa? Kenako mkwiyo unatembenukira kwina. Ndinavala suti yanga ya pa tsiku lotsekera sukulu, n'kunena kuti mwina akumva Chingerezi chokha, ndikawalankhula ndine.

Ndinafika Lachiwiri cha m'ma 10 koloko mmawa. M'labumo munali mozizira bwino, pansi pakuwala, mabotolo ali ngwee, ntchito ya manja a akulu anga. Makina odulira nyama aja anali ataphimbidwa ndi nsalu. Ndinafunsa ngati awonongeka. A Ezeliya anati ayi, lero ndi tsiku la ofiira, koma ofiira apita ku msonkhano, ndipo obiriwira saloledwa kuwayatsa. Obiriwirawo ndinawaona ndi maso anga m'kachipinda kapambali, akudya masamusa, akudikira Lachitatu. Kabati yachitsulo inali pakona, masitepe asanu kuchokera pa makinawo. Ndinawawerenga ndekha.

Bambo Aaron anandilandira ndi ulemu woti ungalire nawo. Anandipatsa mpando wofewa ndi botolo la madzi ozizira.

“Amayi, tikumvetsa ndithu,” anatero, “koma malo ogawana ngati ano amayenda ndi ndondomeko. Ndikatsegula kabati ija popanda komiti, mawa aliyense azichita zake.”

“Kodi bambo, ndondomekoyo munaikira makina kapena odwala?”

“Mulembe kalata, amayi. Tidzaiika pa mndandanda wa zokambirana.”

Ndinawauza kuti ana anga a sitandade 2 akalimbirana pensulo ndimawalanda, koma sindinalandepo mwana mankhwala pofuna kulanga anzake. Ndinanenanso zina zimene mkazi wa mu mpingo sayenera kulemba. Iwo ankangogwedeza mutu, akumwetulira. Madzi awo ndinawasiya pa tebulo osatsegula, ndipo nditatuluka pa geti ndinalavula. Kalata ndinalemba ndithu, masamba awiri, ndipo yankho lake silinabwere mpaka lero.

Mu Febuluwale a Ezeliya anawauza a Victoria zonse. Ine ndinalipo, ndinkapukusa chimanga chachiwisi pakhonde, chitseko chili chotsegula. Akulu anga anafotokoza za shelefu, za tepi, za kabati, osadzichepetsera mlandu ngakhale pang'ono. Kenako ndinamva a Victoria akuseka, kaseko kopanda mphamvu.

“Ndiye kuti ine ndili ndi madokotala awiri, eti?”

“Ndakulakwirani, amake Benson.”

“Inu munkafuna kundithandiza, anzanga. Ine ndikanakhala inu ndikanamata atatu.” Anapuma kaye. “Koma ndikupempheni chinthu chimodzi. Ngati sakukafuna kanyamako, mukandibweretsere. Ndi thupi langa. Sindikufuna kukaima pamaso pa Mulungu mbali ina ili m'kabati ya eni ake.”

A Ezeliya anavomera. Potuluka m'nyumbamo sanandiyang'ane, anangotenga ndowa n'kulunjika kumjigo.

A Victoria anamwalira Lachiwiri lina mu Malichi, dzuwa litangotuluka. Ndine ndinawaimbira foni a Ezeliya, ndipo inawapeza ali pa sinki. Anapukuta manja n'kupita ku ofesi ya bambo Aaron kukapempha masiku awiri a maliro. Anawauza kuti womwalirayo ndi mwini wa kabotolo kaja.

Bambo Aaron anapepesa kwambiri. Kenako, a Ezeliya ali chiimire pomwepo, anaimbira foni dokotala wa tepi yofiira. Uja anati kafukufuku wake amatsatira amayi amoyo kwa zaka ziwiri, choncho womwalira sangawerengedwe, obiriwira akhoza kukatenga. Anaimbira wa tepi yobiriwira. Nayenso anati kunena zoona nambala imeneyo sinali m'mabuku ake, ofiira atenge. Mafoni onse awiri sanathe mphindi zitatu.

“Basi, nkhani yatha bwino,” anatero bambo Aaron.

Anapisa dzanja m'thumba la buluku n'kutulutsa makiyi a galimoto yawo. Kiyi wa kabati anali pomwepo, pa mphete imodzi ndi wa galimoto. Miyezi isanu ndi umodzi kiyi ameneyu ankapita nawo kunyumba, kutchalitchi, kumsika. Anatsegula kabati, n'kuwapatsira a Ezeliya kabotolo kaja.

“Popita mudzere kung'anjo yotenthera zinyalala, mukaponyemo. Muyende bwino, amayi, mukatipepesere kwa anamfedwa.”

A Ezeliya anandiuza kuti pa nthawi imeneyo sanamve mkwiyo. Anakalandira ndi manja awiri. Anavula gawuni ya ntchito, n'kuipinda bwinobwino, n'kuisiya pa sinki pamodzi ndi magolovesi. Kung'anjo sanadzereko. Kabotolo anakamanga pa mfundo ya chitenje, n'kukwera minibasi ya ku Nsaru, ndipo pa geti ya yunivesite ija sanadutsenso.

Mwambo wa maliro unali mmawa mwake. Amayi a Chigwirizano tinali m'nyumba titazungulira bokosi, limene a Yonasi anakhoma okha ndi matabwa amene ankasungira chitseko cha nyumba yatsopano. Tinali titawaveka a Victoria yunifolomu yawo, bulauzi yoyera ndi duku loyera. Adzukulu asanalowe kudzatseka, akulu a mpingo anaitana a Yonasi kuti adzaone nkhope ya akazi awo komaliza.

Apo ndi pamene a Ezeliya anamasula mfundo ya chitenje. Nyimbo imene tinkaimba inazilala yokha. Kabotolo kanali kochepa ngati chala chachikulu, ndipo kanyama kaja kanali pansi pa madzi ake, katayera. Anakanda tepi yobiriwira ndi chikhadabo n'kuimatula, anamatulanso yofiira, n'kuzikunga pamodzi m'dzanja. Kenako anagwada n'kuika kabotolo pambali pa mnzawo, mkati mwa nsalu.

“Ndabweretsa, amake Benson,” anatero.

A Yonasi ankayang'ana zonsezi ataima kumutu kwa bokosi, chipewa chili m'manja. Za matepi sankazidziwa, akazi awo anali asanawauze. Iwo ankangodziwa kuti kanyama kanapita ku yunivesite, kwa anthu ophunzira, ndipo tsopano kabwerako. Anafunsa mwaulemu, ndi mawu otsika, ngati munthu amene wadikira nthawi yake pamzere.

“Zikomo, mayi. Ndiye kumeneko anapeza kuti chinali chiyani?”

A Ezeliya anakweza maso ali chigwadire.

“Sanatsegule, bambo.”